Batire ndi Nkhokwe ya Magetsi: Werengani Musanagule

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, ndalama za cimanga, soya ndi nshawa zikalowa m'thumba, mabanja ambiri a alimi masiku ano amaika sola pakati pa zinthu zoyamba kugula. Ici n'cinthu coyamikika. Nyumba yowala usiku imapatsa ana mpata wowerenga, foni yochajira pakhomo imapulumutsa ulendo wa kumsika, ndipo woweta nkhuku kapena wolima dimba amapeza njira yokulitsira nchito yake. Komabe ife amene timaphunzitsa pano tili ndi nkhawa imodzi. Pogula, maso a anthu ambiri amakhala pa panelo lonyezimira lija, pamene ndalama zawo zidzathera pa batire. Panelo labwino limatumikira zaka 20 kapena kuposerapo. Batire logulidwa mosawerenga ndi kugwiritsidwa nchito mosasamala likhoza kufa lisanaone dzinja laciwiri, ndipo limapita ndi ndalama za matumba angapo a cimanga.

Maganizo athu ndi akuti mlimi aliyense, kaya akali kuphunzira pano kaya anamaliza kale, aziona batire monga mmene amaonera nkhokwe. Nkhokwe siibala cimanga. Imasunga cimene munda wapereka, ili ndi malire ake, ndipo mwini wake wanzeru amadziwa cakudya cimene cilimo ndi miyezi imene ciyenera kukwanira. Amene wamvetsa zimenezi sadzanyengedwa m'sitolo.

Phunziro la ku Kariba

Dziko lathu lonse linaphunzira za kusunga mphamvu m'caka ca 2024. Pa nthawiyo magetsi ambiri a Zambia, oposa magawo 80 pa magawo 100 alionse, anali kucokera ku madzi: ku damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, ndiponso ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi pa mtsinje wa Kafue. Mvula itakana, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma m'minda, ndipo patapita miyezi ingapo madzi a ku Kariba anatsika kotero kuti mwa makina asanu ndi amodzi a mbali ya Zambia, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. Ca kumapeto kwa cakaco, m'madera ambiri magetsi a ZESCO anali kuyaka maola atatu cabe patsiku.

Damu ndi nkhokwe ya madzi a mvula. Likamatulutsa zoposa zimene mitsinje ikubweretsa, limatsika, ngakhale khoma lake likhale lalikulu cotani. Lamulo lomweli ndi limene limalamulira batire laling'ono la m'nyumba mwanu. Cilalaco cinathamangitsa anthu ambiri kukagula sola, ndipo m'masitolo ndi m'misika munadzaza mabatire a mitundumitundu, abwino ndi oipa omwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tsono tifunse kaye zimene zimacitika m'kati mwa bokosi lolemera lija.

Mmene batire limasungira mphamvu

Panelo limasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, koma silisunga kanthu. Dzuwa likalowa, nalonso limaleka nchito. Magetsiwo sangathiridwe m'cigubu monga parafini. Cimene batire limacita n'kutenga magetsi a masana ndi kusintha nawo mankhwala amene ali m'kati mwake. Usiku, mankhwalawo akamabwerera mmene analili, amabweza magetsi aja.

Batire la mtovu ndi asidi, limene ambirife timalidziwa, linapangidwa koyamba ndi munthu wa ku France, Gaston Planté, m'caka ca 1859. M'kati mwake muli timbale ta mtovu tomizidwa m'madzi a asidi. Mukayatsa babu, asidiyo amagwirana ndi mtovu n'kupanga zoyera zonga mcere zimene zimamatirira pa timbaleto, ndipo asidi amasukuluka. Dzuwa likatuluka, magetsi a panelo amasungunula zoyerazo, asidi n'kubwerera mphamvu. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: zoyerazo zikakhala masiku ambiri zosasungunulidwa zimauma gwa, ndipo sizicokanso. Pamene zaumirapo sipasunganso magetsi. Batire lotere likamachajidwa limaoneka ngati ladzaza msanga, koma limathanso msanga, monga nkhokwe imene theka lake ladzaza ndi dothi la ciswe.

Batire la lithium limagwira nchito mwanjira ina. M'kati mwake, tizidutswa ta lithium tosaoneka ndi maso timasamuka kucoka mbali imodzi kupita mbali ina pochaja, n'kubwerera pamene magetsi akugwiritsidwa nchito. Mabatire a mtundu umenewu anayamba kugulitsidwa mu 1991, ndipo akatswiri atatu amene anawatulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphotho ya Nobel mu 2019. Ambiri amene amagulitsidwira sola wa m'nyumba amalembedwa kuti LiFePO4. Ndi opepuka, amadzaza msanga, saonongeka akakhala osadzaza, ndipo ali ndi kacipangizo m'kati kamene kamawazimitsa akafuna kupyola malire.

Pakati pa panelo ndi batire pamafunika kontirola. Iyi ndi mlonda wa pakhomo pa nkhokwe: imaletsa panelo kupitiriza kuthira magetsi batire litadzaza, ndipo imadula mababu batire likatsika kwambiri. Anthu ena, poona kuti kontirola ikuwazimitsira magetsi msanga, amailambalala n'kulumikiza mawaya ku batire mwacindunji. Amasangalala masabata owerengeka, kenako batire limafa. Palinso invata, imene imasandutsa magetsi a batire a 12V kapena 24V kukhala a 230V onga a ZESCO. Invata nayo imadya gawo lake, pafupifupi limodzi mwa magawo khumi, ndipo imadyabe pang'onopang'ono ngakhale palibe cimene cayatsidwa. Conco muziizimitsa pamene siikufunika.

Kuwerenga zili m'nkhokwe

Pa batire pamalembedwa manambala awiri, mwacitsanzo 12V ndi 100Ah. Mukaculukitsa 12 ndi 100 mupeza 1,200. Imeneyo ndiyo mphamvu yonse imene batirelo lingasunge, ndipo muyeso wake umalembedwa Wh. Wh imodzi ndi mphamvu imene cipangizo ca wati imodzi cimadya pa ola limodzi. Koma ngati batirelo ndi la mtovu, zanu zogwiritsa nchito ndi theka lokha, 600 Wh. Theka linalo lili ngati mbewu yosungira caka camawa: mukhoza kuidya, koma mudzalira pambuyo pake, pakuti batire la mtovu lokhuthulidwa mpaka pansi usiku uliwonse limakalamba msanga kwambiri. Batire la lithium la msinkhu womwewo limakupatsani pafupifupi 1,000 Wh popanda vuto.

Tsopano werengani za pakhomo panu. Pa cipangizo ciliconse pamalembedwa mawati ake. Aculukitseni ndi maola amene cimayaka. Mababu anayi a LED a mawati 5, oyaka maola asanu, amadya 100 Wh. Mafoni atatu amadya pafupifupi 45 Wh. Wailesi ya mawati 5 yolankhula maola anayi imadya 20 Wh. TV ya mawati 40 yoonerera maola atatu imadya 120 Wh. Zonse pamodzi ndi 285 Wh, tingoti 300. Banja lotere, ndi batire la mtovu lija, lili ndi magetsi a masiku awiri. Tsiku laciwirilo ndi limene limakupulumutsani mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mitambo imaphimba dzuwa tsiku lathunthu.

Onani zimene zimacitika wina akalumikiza simbi yositira zovala ya mawati 1,000. Pa theka la ola yadya 500 Wh, pafupifupi zonse zimene banja likanagwiritsa nchito masiku awiri. Citofu camagetsi ca mawati 1,500, pa ola limodzi, cimafuna zoposa zimene batire lonselo lingasunge. Ciliconse cimene nchito yake ndi kutenthetsa cimadya magetsi koopsa, ndipo sola wamng'ono wa pakhomo sanapangidwire zimenezo.

Munda nawo uyenera kulingana ndi nkhokwe. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu, tikaliwerengera pamodzi, limakwana maola pafupifupi asanu patsiku. Panelo la mawati 100 liyenera kupereka 500 Wh, koma cifukwa ca kutentha, fumbi ndi zotayika m'mawaya, zimene zimafika m'batire zimakhala pakati pa 350 ndi 400. Banja lodya 300 Wh patsiku lingakhale bwino ndi panelo la mawati 150, kuti pakhale zotsala zodzazira batire pambuyo pa masiku a mitambo. Kugula batire lalikulu ndi panelo laling'ono n'kumanga nkhokwe ya ngolo khumi pamunda wa theka la ekala. Batirelo silidzadzaza konse, ndipo zoyera zija zidzauma.

Kwa inu oweta nkhuku, kuwerengaku n'kofunika koposa. Mazira a nkhuku amafuna masiku 21 pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5, usana ndi usiku. Tiyerekeze kuti makina anu oswera mazira amadya mawati 40. Kucokera madzulo kufikira dzuwa litakwera m'mawa pamapita maola 16, ndiye kuti 640 Wh. Batire limodzi la mtovu la 100Ah laperewera kale, musanayatse ngakhale babu limodzi. Usiku umodzi wozizira wa mu Juni ukhoza kukuonongerani mazira ambiri. N'cimodzimodzi ndi firiji yosungiramo katemera wa citopa, amene amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Nchito zotere, zimene siziloledwa kuima, zikhale ndi batire lakelake, losagawana ndi TV.

Nchito yolemera icitike masana

Njira yochipa koposa yosungira mphamvu ya dzuwa nthawi zambiri siifuna batire konse. Wolima dimba amene ali ndi pampu ya sola akhoza kupopa madzi masana, dzuwa lili pamutu, n'kuwakweza m'thanki yoikidwa pamwamba. Madzulo kapena m'mamawa madziwo amatsika okha kupita m'mizere ya ndiwo. Thankiyo yasunga mphamvu ya dzuwa monga mmene Kariba amacitira, ndipo siifa ndi kukhuthulidwa. Mafoni, matochi ndi makina ometera tsitsi, zonsezi zichajidwe masana, pamene panelo likupereka zoposa zimene batire likufuna. Batire lisiyireni nchito imene singacitike popanda ilo, yomwe ndi ya usiku.

Zimene ena adzanena

Tikudziwa kuti ena adzati: "Aphunzitsi, mukunena zoona, koma ife tilibe ndalama. Batire lakale la galimoto timalipeza mochipa, ndipo limayatsa nyumba." Limayatsadi, koma kwa miyezi yowerengeka. Batire la galimoto lili ndi timbale tambiri topyapyala, topangidwira kupereka mphamvu yaikulu kwa masekondi ocepa poliza injini, kenako galimoto imalidzazanso nthawi yomweyo. Batire la sola, lija lolembedwa deep cycle, lili ndi timbale tocindikala topirira kukhuthulidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Amene amagula batire la galimoto kawiri pa caka amalipira zambiri kuposa mnzake amene anadikira n'kugula loyenera kamodzi.

Ena adzati batire la lithium n'lodula kwambiri. N'zoona kuti mtengo wake pa tsiku logula ndi wokwera. Koma batire la mtovu limapirira kudzazidwa ndi kukhuthulidwa maulendo mazana angapo, pamene la LiFePO4 labwino limapyola maulendo 2,000. Gawani mtengo ndi zaka zimene cinthu cidzatumikire, monga mmene mumacitira posankha pakati pa khasu lolimba ndi lopindika msanga. Sitikunena kuti aliyense akongole ndalama cifukwa ca lithium. Banja limene likufuna kuwala ndi kuchaja foni cabe lingacite bwino kuyamba ndi kasola kakang'ono kogulidwa kathunthu, ka mababu atatu kapena anayi, n'kudzakulitsa zokolola zikalola. Ngati mukutenga sola wolipira pang'onopang'ono kudzera pa foni, phatikizani malipiro onse kuti mudziwe mtengo weniweni. Funsaninso cimene cidzacitike mukalephera kulipira m'miyezi ya njala, ndiponso amene adzasinthe batire likafooka.

Pogula batire la mtovu, linyamuleni. La 12V ndi 100Ah loona limalemera makilogalamu pafupifupi 30, kupitirira theka la thumba la feteleza. Ngati likunyamulika mosavuta ndi dzanja limodzi, cizindikiro cake cikunama. Pemphani wogulitsa alipime inu mukuona: latsopano lodzaza limaonetsa 12.6V kapena kuposerapo pang'ono, ndipo loonetsa zocepera 12.4V lakhalitsa pa shelefu losachajidwa. Musacoke popanda risiti ndi pepala lolonjeza kuti likafa msanga adzakusinthirani.

Kwa okhala kumene kuli magetsi a ZESCO

Ena mwa inu amene munaphunzira pano tsopano muli ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lusaka, ndipo batire mumalifuna kuti lizikuthandizani magetsi akazima. Invata zambiri za nchito imeneyi zimachaja batire magetsi akabwera, ndipo akazima zimatembenukira ku batire zokha m'kanthawi kocepa. Dziwani kuti batire la mtovu limafuna maola ambiri kuti lidzaze bwinobwino, kawirikawiri asanu ndi atatu kapena kuposa. Pamene magetsi akubwera maola atatu cabe, monga zinalili mu 2024, batire lotere limagona ndi njala tsiku ndi tsiku mpaka kufa. Kuwonjezera mapanelo ndiko kumalipulumutsa. Tikucenjezanso mwamphamvu kuti invata isalumikizidwe ku mawaya a nyumba popanda swichi yolekanitsa nyumbayo ndi mawaya a ZESCO. Popanda swichi imeneyi, magetsi anu amabwerera m'mawaya a kunja ndipo akhoza kupha munthu amene akukonza pa mtengo wa magetsi. Nchito iyi ndi ya katswiri wovomerezeka.

Kusamala batire, ndi kulitaya bwino

Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha. Batire la mtovu limakonda madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri ena 10, moyo wake umafupika ndi theka. M'cigwa ca Luangwa, mu Okutobala, kutentha kumapyola madigiri 40, conco malo oikapo batire asankhidwe mosamala: pamthunzi, popita mphepo, kutali ndi khichini ndi malata. Batire lothira madzi limatulutsa mpweya woyaka pamene likuchajidwa. Kandulo, mbaula kapena fodya zisayandikire. Madzi akacepa, onjezerani madzi a batire okha, aja ochezedwa ogulitsidwa m'mabotolo. Madzi a pacitsime kapena pa mjigo ali ndi mcere umene umaononga timbale, ndipo asidi sawonjezeredwa. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, pakuti mawaya akagundana amatha kuyatsa denga la udzu. Musaphatikize batire lakale ndi latsopano, cifukwa lakalelo limakokera latsopano pansi. Panelo liyang'ane kumpoto, lisagwere mthunzi wa mango, ndipo m'cilimwe muzilipukuta fumbi ndi nsalu yonyowa m'mawa lisanatenthe.

Batire likafa, udindo wanu sunathe. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana, ndipo sawola m'nthaka. Ife a mu Zambia tili ndi umboni pafupi: mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma kufikira lero ana ambiri a m'makomboni ozungulira mgodiwo amapezeka ndi mtovu woculuka m'magazi. Musaswe batire lakufa kuti mutengemo mtovu wa mbedza kapena ukonde, musakhuthulire asidi wake pansi pamene nkhuku zimapalasa, ndipo ana asaliyese coseweretsa. Libwezeni lathunthu kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale, amene amawatumiza kokasungunula.

Pempho lathu

Dzuwa la kuno n'lokwanira, ndipo sola akhoza kusintha moyo wa pamudzi. Cimene tikupempha n'cakuti ndalama za thukuta lanu zisapite ku sitolo inu musanakhale pansi ndi colembera. Lembani cipangizo ciliconse, mawati ake ndi maola ake. Phatikizani. Culukitsani kawiri cifukwa ca tsiku la mitambo, ndipo ngati batire ndi la mtovu, culukitsaninso kawiri cifukwa ca theka losakhudzidwa lija. Nambala imene mwapeza ndiyo mupite nayo kwa wogulitsa, kuti iye akupatseni cimene mukufuna m'malo mwa cimene akufuna kucotsa pa shelefu.

Inu amene mukali kuphunzira, bweretsani mawerengero a pakhomo panu m'kalasi kuti tiwaone pamodzi musanabwerere kumudzi. Inu amene munamaliza, anansi anu amakufunsani kale za mbewu, manyowa ndi matenda a ziweto. Adzakufunsaninso za sola. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu la alimi, tengani pepala limodzi, musankhe nyumba imodzi, ndipo muwerenge pamodzi magetsi amene nyumbayo imafuna pa usiku umodzi.